Tikafika Tonse Nthawi Imodzi

 Pepani papita masabata angapo ndili zii. Kuchonga mayeso a teremu kunandipanikiza, ndipo inu aphunzitsi mukudziwa kuti mulu wa mapepala a Fomu 1 sutha msanga ngakhale munthu uzigona 12 koloko usiku. Lero ndabwera ndi nkhani imene ena muiona ngati ya akatswiri a makompyuta okhaokha. Musathawe ayi. Masamu ake ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi, ndipo ikukhudza sukulu iliyonse imene ikuganiza zoyamba kutumiza zotsatira za ana kwa makolo kudzera pa intaneti.

Amene munaphunzira sukulu yogonera komweko mukuukumbukira mjigo. Masana, anzanu ali m'kalasi, mumafika pamjigo, kupopa pang'ono, ndowa yadzaza, mwapita. Mlendo wobwera nthawi imeneyo akhoza kulumbira kuti pasukulu pano vuto la madzi palibe. Koma abwere 5 koloko m'mawa. Ndowa zandanda mpaka kuseri kwa hositelo, ena akukangana kuti anayamba kufika ndani, ena angosukusula ndi madzi a m'botolo n'kuthamangira ku asembule. Mjigo ndi womwewo, madzi pansi sanachepe. Chasintha n'chakuti aliyense wawafuna pa ola limodzi.

Webusaiti nayonso ili ndi mjigo wake. Kuseri kwa tsamba lililonse limene mumatsegula pafoni kuli kompyuta ina imene amaitcha seva. Mukadina, foni yanu imatumiza pempho, sevayo imafufuza zimene mwafuna, n'kukubwezerani yankho. Pempho limodzi ndi kantchito kochepa, nthawi zambiri kosafika ndi sekondi yomwe. Koma seva ili ndi malire a mapempho amene ingagwire pa nthawi imodzi, ndipo otsalawo amaima pamzere ngati ndowa zija. Tsono pali ntchito ina imene pachingerezi amati load testing. Ine ndimangoti kuisenzetsa seva katundu mwadala: kuitumizira mapempho ambirimbiri nthawi imodzi, tsiku lenileni lisanafike, kuti uone pamene iyambire kuwerama ndi pamene igwere.

Musaganize kuti limeneli ndi vuto la ife osauka tokha. Pa 1 Okutobala 2013 boma la America linatsegula webusaiti ya HealthCare.gov, yoti anthu a m'zigawo 36 za dzikolo azigulirapo inshuwalansi ya zaumoyo, potsatira lamulo limene Pulezidenti Barack Obama anasaina mu Malichi 2010. Anali ndi zaka zitatu ndi theka zokonzekera, ndalama zankhaninkhani, ndi makampani akuluakulu opanga mapulogalamu. Tsiku loyamba, anthu amene anakwanitsa kulembetsa mpaka kumapeto anali 6. Sindinaiwale ma ziro ayi, anthu 6 ndithu. Pofika kumapeto kwa tsiku lachiwiri anali 248. Mkulu woona za luso la makompyuta m'boma la Obama, Todd Park, anafotokoza kuti iwo ankayembekezera anthu pakati pa 50,000 ndi 60,000 pa nthawi imodzi, koma kunafika pafupifupi 250,000.

Ukangomva pamenepa ukhoza kuwamvera chisoni, n'kunena kuti khamu linangowaposa mphamvu. Koma zimene zinatuluka pambuyo pake zinali zina. Makampani aja ataitanidwa ku nyumba ya malamulo mu Okutobala momwemo, anafotokoza kuti kuyesa dongosolo lonse pamodzi, kuyambira polowera mpaka potulukira, kunachitika m'masabata awiri otsiriza okha, pamene ntchito yotere imafuna miyezi. Nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti kutatsala masiku ochepa kuti atsegule anayesa ndi anthu ongoyerekezera mazana ochepa chabe, ndipo webusaitiyo inagwa. Ndiye kuti mayeso anachitika, zotsatira zake zinaoneka, koma tsiku lotsegulira silinasunthidwe. Panalinso kanthu kena kamene kamandikumbutsa khomo la dayiningi: anakonza zoti munthu asaone mitengo ya inshuwalansi asanatsegule akaunti. Choncho wofuna kugula ndi wongofuna kusuzumira, onse anapanikizana pa khomo limodzi lopapatiza. Zinatenga miyezi iwiri, gulu lotsogozedwa ndi Jeffrey Zients likugwira ntchito usana ndi usiku, kuti pa 1 Disembala alengeze kuti webusaitiyo tsopano ikutha kunyamula anthu 50,000 nthawi imodzi. Mwa zimene anaikamo munali mzere weniweni: khamu likachuluka, ena ankauzidwa kuti asiye imelo yawo ndipo auzidwa nthawi yabwino yobwereranso. Nduna ya zaumoyo, Kathleen Sebelius, inalengeza zotula pansi udindo mu Epulo 2014.

Chimene chimandikoka ine monga mphunzitsi wa masamu n'chakuti mzere sukula pang'onopang'ono monga momwe mutu wathu umaganizira. Nkhaniyi inayamba kale, makompyuta kulibe. Kuyambira mu 1909, katswiri wa masamu wa ku Denmark, Agner Krarup Erlang, amene ankagwira ntchito ku kampani ya matelefoni ya mu mzinda wa Copenhagen, ankafufuza kuti anthu akamaimba mafoni mosapangana, pafunika mawaya angati kuti ambiri asamapeze mzere uli wotanganidwa. Ndikuuzeniko kuti asanalowe ku kampaniko bambo ameneyu anali mphunzitsi wa pasukulu ngati ife tomwe, ndiye musamadziderere. Masamu a mizere amene anayambira pamenepo ndi amene anthu amagwiritsabe ntchito poganizira za seva.

Tiyeni tibwerere pamjigo. Tiyerekeze kuti mjigo ndi umodzi, anthu akufika mosapangana, wina ndi ndowa yaikulu wina ndi kachigubu, ndipo tikaphatikiza onse kutunga kumatenga mphindi imodzi pa munthu. Njira yosavuta kwambiri ya masamu amenewa imati: tenga nthawi yotunga, uigawe ndi gawo la nthawi imene mjigo umakhala ukupuma, ndipo upeza nthawi yonse imene munthu amathera pamjigopo, kudikira ndi kutunga komwe. Mjigo ukamagwira ntchito theka la nthawi, 1 kugawa ndi 0.5 ndi mphindi 2. Ukamagwira 80 peresenti ya nthawi, 1 kugawa ndi 0.2 ndi mphindi 5. Pa 90 peresenti ndi mphindi 10, pa 95 ndi mphindi 20, pa 99 ndi mphindi 100. Taonani bwino: kuchoka pa 50 kufika pa 80 mwangoonjezera mphindi 3, koma kuchoka pa 95 kufika pa 99, kamtunda kakang'ono kotero, mwaonjezera mphindi 80. Ndipo ofika akangoposa zimene mjigo ungathe, masamuwo alibenso yankho, mzere umangotalika mpaka anthu atatopa n'kumachoka okha. N'chifukwa chake munthu sunganene kuti yayenda bwino ndi anthu 10, ndiye ndi anthu 100 ingochedwa pang'ono. Pakati pa 10 ndi 100 pakhoza kukhala phompho, ndipo sungadziwe pamene lili usanayendepo.

Palinso lamulo lina lofewa, limene John Little anatsimikizira mu 1961. Limati chiwerengero cha amene ali m'kati chimapezeka pochulukitsa ofika pa sekondi ndi nthawi imene aliyense amakhalamo. Mapempho 20 akamafika pa sekondi, lililonse n'kutenga theka la sekondi, seva imakhala ndi mapempho 10 m'manja. Ikangofooka n'kuyamba kutenga masekondi 5, m'manja mwake muli mapempho 100, chikhalirecho anthu ofika sanachuluke ndi mmodzi yemwe. Kenaka pabwera khalidwe lathu ife anthu. Tsamba likamangozungulirazungulira osatseguka, timadinanso, n'kudinanso kachitatu ndi mkwiyo. Pempho loyamba lija seva ikhoza kukhala ikulimbana nalobe, ife taiunjikiranso ena awiri.

Tsono chimene chandiwerengetsa zonsezi ndi ichi. Mmodzi wa ana athu akale, amene tsopano amalemba mapulogalamu a makompyuta m'tauni, anadzipereka kutipangira mwaulere kawebusaiti koti kholo lizilemba nambala ya mwana ndi mawu achinsinsi, n'kuona zotsatira za teremu. Ganizoli ndi labwino zedi. Ana athu ambiri amachokera kutali. Lipoti la papepala limasochera panjira, makamaka lija ladzaza ma 9, ndipo kholo lofuna kudzaona lokha liyenera kulipira kabaza ndi minibasi, kupita ndi kubwera. Komiti ya makolo inavomera kulipirira malo osungirako webusaitiyo kwa chaka chimodzi. Ndalama imeneyo ndi ya anthu ogulitsa tomato ndi mtedza, si yoseweretsa.

Mnyamatayo anabwera kudzationetsa m'chipinda cha aphunzitsi. Zinali zokongola, baji ya sukulu pamwamba, maphunziro atandandalikidwa bwinobwino, pansi pali malo a ndemanga ya mphunzitsi wa kalasi. Ahedi anamwetulira mpaka anaitanitsa zakumwa.

"Sala, tayesani nokha," anatero akundipatsa foni.

Ndinadina, tsamba linatseguka ndisanaphethire.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Nanga makolo 600 akadina limodzi zikhala bwanji?"

"Sala, anthu 600 pa intaneti si anthu. Mawebusaiti ena amalandira mamiliyoni pa tsiku."

Sananame. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndipo mukawagawa ndi 600 mupeza kuti ndi kholo limodzi pa masekondi 144 alionse. Ngakhale kompyuta yakale ya mu labu yathu ikhoza kuchita zimenezo ikuodzera. Koma makolo athu sadzabwera motero. Ali m'magulu a WhatsApp, ndipo uthenga wakuti zotsatira zatuluka udzalira m'mafoni onse pa sekondi imodzi. Si onse ali ndi mafoni a intaneti, n'zoona, koma amene ali nawo adzaonera anansi awo, ndipo mwana mmodzi ali ndi bambo, mayi, malume amene amalipira fizi, ndi mchemwali wake wa ku Joni. Onsewo adzafuna kuona ndi maso awo. Ndipo kholo limene lagula bandulo ya tsiku limodzi chifukwa cha zimenezi, n'kuithera pa tsamba longozungulira, teremu yamawa silidzayesanso. Lidzanena pamsonkhano kuti ndalama ya komiti inadyedwa, ndipo dzina limene lidzaipe ndi la mwana amene anatithandiza mwaulere.

Tinapangana kukumana Loweruka mu labu. Iye anaika kope la webusaitiyo pa kompyuta imodzi, n'kudzazamo ana 600 a maina opeka ndi malikisi opeka, chifukwa malikisi enieni a ana a anthu si oyesera zinthu. Pa kope loyeserali anachotsanso mawu achinsinsi kuti tsamba la zotsatira lizitseguka mwachindunji. Pa kompyuta yachiwiri tinagwiritsa ntchito kapulogalamu kaulere kotchedwa ApacheBench, kamene kamabwera limodzi ndi seva ya Apache, ndipo pokaitana umangolemba ab. Kalembedwe kake n'kosavuta moti mwana wa Fomu 3 akhoza kukaloweza:

ab -n 1000 -c 10 kenaka adiresi ya tsambalo.

Nambala yotsatira n ndi mapempho onse amene atumizidwe. Yotsatira c ndi amene akhale m'njira pa nthawi imodzi, ndipo imeneyi ndiyo mwini nkhani. Tinayamba ndi 1, kenaka 10, 50, 100, mpaka 200, ndipo ulendo uliwonse ndinkalemba pabolodi zinthu zitatu: mapempho oyankhidwa pa sekondi, olephera, ndi nthawi yodikira.

Pa 1 ndi pa 10 zonse zinali myaa. Pa 50 kompyuta ija inayamba kulira ngati chigayo, koma inkayankhabe. Chimene ndinkadikira ndinachiona pakati pa 50 ndi 100: mapempho oyankhidwa pa sekondi anasiya kukwera. Tinawirikiza katundu, koma ntchito yotuluka inali yomweyo, ndipo chimene chinakwera ndi nthawi yodikira yokha. Pamenepo ndiye kuti mjigo ukupopedwa osapuma, ndipo aliyense wobwera akungotalikitsa mzere. Pa 200, tinatsegula tsambalo pa kompyuta yachitatu mayeso ali m'kati, ndipo m'malo mwa malikisi panatuluka mawu akuti Too many connections. Amenewa ndi madandaulo a MySQL, nkhokwe imene mumakhala malikisiwo. Ngati sunasinthe kalikonse, MySQL imalola olumikizana nayo 151 pa nthawi imodzi, ndipo ena onse imawabweza pakhomo.

Mnyamatayo anakhala duu kwa kanthawi, akuyang'ana bolodi. Kenaka anaseka.

"Sala, ndadziwa pamene pali vuto. Ndi pa pozishoni."

Nkhani yake inali yakuti pofuna kuonetsa kuti mwana wakhala nambala chani m'kalasi, pulogalamuyo inkatenga malikisi a ana onse a fomu imeneyo, kuwaphatikiza, kuwasanja kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, kenaka n'kupeza pamene pali mwanayo. Inkachita zimenezi pa pempho lililonse. Tangoganizani mphunzitsi amene kholo lililonse likalowa mu ofesi amayambiranso kuwonkhetsa malikisi a kalasi yonse kuti aliuze kuti mwana wake ndi nambala 14. Kwa kholo limodzi palibe angaone vuto, ndipo n'chifukwa chake tsiku la zakumwa lija silinaoneke. Mankhwala ake anali osavuta: kuwerengera mapozishoni kamodzi kokha aphunzitsi akamaliza kulowetsa malikisi, kuwasunga, n'kumangowatola. Anakonza madzulo omwewo. Titabwereza, mawu oipa aja sanatulukenso ngakhale pa 200. Sindikumunyoza mwanayu ayi. Zimene analemba poyamba zinali zolondola, pozishoni inkatuluka yoona. Kungoti kulondola ndi kupirira khamu ndi mayeso awiri osiyana, ndipo iye anali atalemba amodzi.

Pali pamene tinasiyana maganizo pang'ono. ApacheBench ikamaliza imakupatsa avereji ya nthawi yodikira, ndipo m'munsi mwake imaika kandandanda koonetsa nthawi imene theka la mapempho linayankhidwira, kenaka 66 peresenti, 75, 80, 90, 95, 98, 99, mpaka pempho lochedwetsetsa. Iye maso ake ankathamangira pa avereji. Ine ndinkapita pansi penipeni. Aphunzitsi anzanga, ife avereji timaidziwa bwino mabodza ake. Kalasi ya avereji 55 ikhoza kukhala ndi mwana wa 12 wakhala pakona, ndipo lipoti lopita kwa ahedi silimutchula. Taonani: mapempho 95 atayankhidwa pa sekondi imodzi, 5 otsalawo pa masekondi 30, avereji ndi masekondi 2.45. Papepala zikuoneka bwino ndithu. Koma anthu 5 pa 100 alionse adikira theka la mphindi, ndipo ambiri a iwo adinanso kapena kusiya. Ngakhale mzere wa 99 peresenti, umene umaoneka ngati wa anthu okonda kutola tizifukwa, pa makolo 600 ukusiya kunja mabanja 6. Ine mabanja amenewo ndidzakumana nawo pamsika.

Iye anati ukamathamangitsa pempho lochedwetsetsa sudzamaliza, chifukwa nthawi zonse padzakhala limodzi lotsalira. Apo ndinamuvomera. Tinagwirizana kuti tiziyang'ana mzere wa 95 ndi wa 99, ndipo tinalemba pabolodi malire athu mayeso asanabwerezedwe, kuti tisadzasunthe pasi maki titaona kale zotsatira. Chiyeso chimenecho nafenso pochonga timachidziwa.

Komabe kapulogalamu kameneka musakakhulupirire mopitirira. Choyamba, ndi kaulemu kwambiri. Mukakauza kuti c ndi 50, kamatumiza mapempho 50, ndipo sikatumiza lina mpaka limodzi litabwerako. Ndiye kuti seva ikafooka, nakonso kamachepetsa liwiro, ngati mlendo amene waona kuti ndiwo zachepa n'kuyamba kutapa pang'ono. Makolo sadzatero. Wa nambala 51 sadziwa kuti m'katimo muli kale anthu 50, adzangodina. Choncho zimene ab ikuonetsa pa seva yothodwa zimakhala zabwinoko kuposa zimene zidzachitike. Chachiwiri, kamangotenga tsamba limodzi lomwelo mobwerezabwereza, osatenga zithunzi zake. Baji yokongola ija tinaitulukira pokhapokha titatsegula ndi foni: chinali chithunzi chachikulu chojambulidwa ndi kamera, cholemera kuposa malikisi a sukulu yonse, ndipo kholo lililonse likanachilipira ndi bandulo yake. Chikomekome cha mkuyu. Anachichepetsa. Amene mukufuna kuyerekezera ulendo wonse wa munthu, kulowa, kulemba mawu achinsinsi, kuwerenga, kutuluka, pali mapulogalamu ena aulere monga JMeter ndi Locust, ndipo mnyamatayo anati ulendo wachiwiri adzagwiritsa ntchito Locust chifukwa amalemba ndi Python, chiyankhulo cha makompyuta chimene anachizolowera.

Chachitatu ndi njira. Mu labu makompyuta awiriwo analumikizidwa ndi waya wa mamita ochepa. Kholo lidzakhala pansi pa mtengo wa mango, litakweza foni m'mwamba kusaka netiweki. Foni ya netiweki yofooka imatenga nthawi kulandira yankho, ndipo pa maseva ambiri malo amene yatenga samasuka mpaka itamaliza. Bwererani ku lamulo la Little lija: nthawi ya aliyense ikatalika, okhala m'kati amachuluka. Ndiye zotsatira za mu labu tinazitenga ngati mayeso a moko, osati enieni.

Apa ndiime kaye ndilankhule ndi inu a Fomu 4 amene mumawerenga zolemba zanga mobisa, ndikudziwa mulipo. Lamulo la ab ndalilemba pamwambapa musakaliloze pa webusaiti ya munthu wina. Kutumiza mapempho ambirimbiri ku seva imene si yanu, popanda chilolezo, n'chimodzimodzi ndi zimene amachita anthu ofuna kugwetsa mawebusaiti mwadala, ndipo seva siona mumtima kuti iwe umangoyesa. Kuno kwathu kuli lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kusokoneza kompyuta ya eni ake ndi mlandu pansi pa lamulo limenelo. Ngakhale webusaiti yathu yomwe, titafuna kuiyesa pa malo ake enieni, tinayamba talembera kampani imene imatisungira. Malo otsika mtengo ngati amene komiti inalipira ali ngati nyumba ya lendi ya mabanja ambiri yokhala ndi mpopi umodzi: seva ndi imodzi, mawebusaiti ndi ambiri, ndipo iwe ukatsegula madzi usiku wonse anzako onse agona osasamba. Anatilola kuyesa usiku, ndi katundu wochepa kuposa wa mu labu. Pamenepo tinaona kuti malire a pa malo a lendiwo ndi otsika kuposa a kompyuta yathu, ndipo ndalama yosamukira pa malo okulirapo komiti ilibe.

Ndiye tinatembenukira mbali inayo. Ngati sungakulitse mjigo, uza anthu asabwere onse 5 koloko. Ndinapempha ahedi kuti uthenga usapite ku magulu onse nthawi imodzi, koma fomu iliyonse ikhale ndi ola lake. Ahedi sanakonde poyamba. Anati makolo a fomu yotsiriza adzadandaula kuti akuwapeputsa, ndipo achiwiri awo anaonjezera mfundo imene ine ndinaiona kuti ndi yamphamvu: linki ikangofika m'gulu limodzi, pasanathe mphindi zisanu idzakhala itafika m'magulu onse, chifukwa mayi wa mwana wa Fomu 4 ndi yemweyo ali ndi wina ku Fomu 1. Mnyamata uja ndiye anamasula mfundoyo. Anakonza zoti zotsatira za fomu iliyonse zizitseguka pa nthawi yake, ndipo wofika msanga azilandira katsamba kopepuka, kosafuna kufunsa nkhokwe ya malikisi, kongonena ola limene abwerenso. Anaikanso uthenga wa m'Chichewa woti uzituluka seva ikathodwa, wopempha munthu kuti adikire mphindi 10 asanayesenso. Ambiri tinaonapo nambala 503 pa tsamba loyera, imene tanthauzo lake ndi lakuti seva siingathe kukuthandizani pakali pano. Kholo silingadziwe zimenezo, limangoganiza kuti foni yake ndiyo yalakwa, n'kudinanso.

Za amene ayambe, zinatenga msonkhano wathunthu, ndipo masamu sanathandizepo chilichonse. Aphunzitsi a Fomu 1 anati ana awo ndi ambiri ndipo makolo awo ndi amene ali ndi nkhawa kwambiri. A Fomu 4 anati akulu ndi akulu. Mapeto ake Fomu 4 iyamba 8 koloko Lachisanu, Fomu 3 ibwera 9 koloko, kenaka Fomu 2, ndipo Fomu 1 itsekera 11 koloko. Malipoti a papepala tiwapatsabe ana monga kale, ahedi anakana kuwasiya ndipo ine ndili nawo mbali imodzi.

Mnyamatayo wapempha tchuthi cha tsiku limodzi kuntchito kwake kuti adzakhale mu labu ndi laputopu yake, akuyang'ana mmene mapempho akulowera. Ine wandipatsa ntchito yoimbira makolo atatu a kumadera kovuta netiweki kuti ndimve ngati tsamba latseguka ndi kuti latenga nthawi yaitali bwanji. Mayunitsi ake ahedi alonjeza kubweza.

Ngati pali sukulu ina imene inayesapo kale zotere, ndiuzeni kuti ola loyamba linayenda bwanji ndipo makolo angati anafika. Tionana Lachisanu likadutsa.